Theka Lomaliza Linali la Alamu

Ndinkagwira ntchito yosesa m'ndege pa Chileka, nthawi ija ndege zazikulu zakunja zinkatera pamenepo, bwalo la ku Lilongwe lisanamangidwe. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi yakale. Sindichita nazo manyazi. Chizungu ndinkawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, koma ndinkafika kumapeto.

Anthu akatsika, ife tinkakwera ndi matsache ndi masaka. M'timatumba ta kumbuyo kwa mipando tinkapezamo zambiri: makoko a malalanje, zipeso, mabotolo a mankhwala, nthawi zina buku. Chinthu chamtengo tinkapereka ku ofesi. Buku la chikuto chofewa panalibe wolifunsa, linkapita kudzala kukapsa ndi zinyalala zina. Anzanga ankalitola kuti azikapichirira fodya. Ine ndinkalitola kuti ndiwerenge.

Masiku amenewo buku chinali chinthu choyenda nacho mosamala. Panali mabuku oletsedwa, ndipo ife anthu wamba sitinkadziwa kuti ndi ati. Mlonda wa pageti nayenso sankadziwa. Iye ankangoona chikuto. Akaona mkazi wovala mosakwanira, kapena mfuti, kapena mbendera yachilendo, basi mlandu wayamba. Choncho ndisanatsike m'ndege ndinkang'amba chikuto ndi masamba oyambirira. Chotsalacho chinkaoneka ngati mapepala a fodya, ndipo mlonda ankangondikodola kuti ndidutse. Mabuku onse amene ndinawerenga zaka zimenezo sindidziwa mayina ake, ngakhale amene anawalemba.

Mnzanga wowerenga naye anali mmodzi yekha, alamu anga, amuna a mlongo wanga. Anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina pa Lirangwe. Kwawo kunali kutali. Kwathu anabwera chikamwini, n'kumanga nyumba pamudzi wa amayi anga. Anali munthu wowonda, wofatsa, mkulu wa mpingo, tepi ili m'khosi tsiku lonse. Chizungu anachiphunzira kumishoni. Bodza sankalidziwa. Munthu akafunsa ngati malaya ake atha mawa, iwo ankayankha kuti ayi, satha. Matelala anzawo ankawaseka kuti adzafa osauka.

Loweruka ndikaweruka masana ndinkapalasa njinga kudzera ku Lunzu mpaka ku Lirangwe, n'kugona kumudzi, Lamulungu n'kubwerera. Buku linkakhala limodzi, owerenga awiri, ndipo panalibe wofuna kudikira mnzake. Alamu ndiwo anapeza nzeru. Ankatenga lumo, n'kudula buku pamsana pakatikati, n'kusoka theka lililonse ndi ulusi wolimba kuti masamba asayoyoke. Ine ndinkatenga theka loyamba chifukwa wobwera nalo buku ndinali ine. Iwo ankatenga lomaliza. Mlungu ukatha tinkakumana pakhonde paja, aliyense n'kunena zimene wawerenga ndi mmene wazionera, kenako n'kusinthana.

Kuwerenga kotereku kumabala mikangano. Anthu a m'buku ine ndinkawadziwa mmene anayambira, iwo mmene anathera.

Ambiri anali mabuku a kuphana, aja wapolisi wochenjera amafufuza wakupha.

"Alamu, dokotala uja ndi munthu wabwino," ndinatero tsiku lina. "Ndi yekhayo amene walira pamaliro."

Makina anaima. "Wabwino? Ameneyo kwanga kuno amunyonga kale. Koma tandiuzani, amene anamuphayo anali ndani? Kwanga akungomutchula kuti malemu."

Lina linali la kawetedwe ka njuchi. Ine ndinaphunzira kukhoma mng'oma, iwo anaphunzira kufula uchi. Anati tikanakhala munthu mmodzi tikanalemera.

Ine ndinkakonda mabuku a nkhondo ndi a anthu oyenda panyanja, momwe munthu amauzidwa chochita n'kuchichita. Achikondi ndinkadana nawo, ndipo mpaka lero ndimadana nawo. Anthu akuluakulu kumangousa moyo masamba ambirimbiri, osalima, osaphika, osadziwika kuti amadya chiyani. Alamu ankawakonda.

"Inu mumawerenga kuti mupeze wolakwa," ankatero. "Ine ndimafuna kuona ngati apulumuka."

"Mukanakhala woweruza milandu, mbava zonse zikanapita kwawo kukadya."

"Mukanakhala inu, ndende zikanadzaza."

Atanena zimenezo tonse tinayang'ana kumsewu. Mawu akuti ndende sankatchulidwa mokweza. Tinali ndi lamulo lathu: munthu wina akangoponda pakhonde, nkhani inkasanduka ya mvula.

Tinatero kwa zaka zambiri. Tsopano ndinene za buku lomaliza.

Alamu ndi mlongo wanga anali ndi mwana wamkazi. Kwathu mwana si wa bambo ake, ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndinali ine, ndipo pa ukwati wake nkhoswe ndinalinso ine. Anakwatiwa ndi munthu wa ku Mdeka, wogula ndi kugulitsa chimanga, amenenso anali tcheyamani wa achinyamata a chipani kudera lakwawoko. Ndiye ankaimika anthu pachipata cha msika n'kumawafunsa makhadi a chipani. Atapempha chitengwa, kuti mkazi akakhale kwawo kwa mwamuna, ndinavomera. Anali ndi nyumba ya malata ndi ngolo. Panalibe chifukwa chokanira.

Chaka china nthawi yotentha, mvula isanayambe, mtsikanayo anathawira kwa makolo ake. Ndinamupeza Loweruka. Ndinamuitanitsa n'kumufunsa chimene chamubweza. Anagwada chapatali, mpango uli kumutu mpaka m'masaya ndi m'khosi.

"Amandimenya, amalume."

Mayi ake anali pambali pake, ndipo ndi amene anapitiriza. Anati ndi zam'banja, mwamunayo akaledzera dzanja limathamanga, koma watumiza uthenga kuti akumufuna mkazi wake. Ndinati mitengo yoyandikana siilephera kukhulana. Ndinagamula kuti ankhoswe a mbali zonse tikumane Lamulungu pakatha milungu iwiri, tidzudzule mwamunayo, mwana abwerere kunyumba kwake.

Ndinkadziwanso munthu amene tinkachita naye. Kukaniza tcheyamani mkazi wake kunali kuika khosi pampeni. Ntchito ya pabwalo la ndege inkatha ndi mawu amodzi ochokera kuchipani, ndipo anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa zimenezo. Mlongo wanga ankadziwa zimenezi. Tonse tinkadziwa.

Alamu sananene kanthu. Mkamwini salankhula pa mlandu wa mbumba ya eni. Amabereka, amadyetsa, amaveka, koma pokamba za ukwati wa mwana wake amakhala kumbuyo ngati mlendo. Alamu ankadziwa malo awo. Anamva chigamulo changa ali chiimire pafupi ndi nkhokwe, n'kupita kukatsekera mbuzi.

Buku limene tinagawana mlungu umenewo linali la kudziko lozizira. M'theka langa munali mkazi wokwatiwa ndi mkulu wa siteshoni ya sitima, munthu wolemekezeka m'tauni, wokhala kutsogolo m'tchalitchi. Kunyumba anali wankhanza. Mkaziyo anathawa wapansi, kuzizira kuli koopsa, mpaka kukafika kufamu ya mlongo wake wamwamuna. Mlongoyo anamudyetsa, anamufunditsa, kenako anamuuza kuti malo a mkazi ndi kunyumba kwake. Theka langa linathera pamene mlongoyo akumanga kavalo pangolo kuti amubweze.

Loweruka lotsatira ndinafika pakhonde dzuwa litapendeka. Alamu ankasoka yunifolomu ya sukulu. Ndinakhala pa benchi, n'kuwafotokozera theka langa monga mwa masiku onse.

"Mwaliona bwanji?" anafunsa, maso ali pansalu.

"Lalitali popanda chifukwa. Koma mlongo uja ndi munthu wanzeru. M'buku lonse ndi yekhayo amene akudziwa ntchito yake."

"Ntchito yake ndi yotani?"

"Kusunga banja. Aliyense akamathawa akamenyedwa mbama, dziko likhala la mbeta zokhazokha."

Anapondaponda makina mpaka kumapeto kwa msoko, n'kudula ulusi ndi mano.

"Anamubwezadi," anatero.

"Ndinadziwa."

"Mwamuna anawalandira bwino. Anapha nkhuku, anapepesa, analira. Mlongo uja anabwerera kufamu mtima uli m'malo. Sipanapite nthawi, mkazi uja anamupeza m'mawa ali pansi pa masitepe, khosi litathyoka. Dokotala analemba kuti anaterereka. Wansembe analalikira kuti anali mkazi wopirira."

"Nanga mwamunayo?"

"Anakwatira wina."

"Mlongo uja?"

"Ananyamula nawo bokosi. Anagwira kutsogolo, kumutu. Pambuyo pake buku silimutchulanso."

Ndinati wolemba ameneyo ndi waulesi, wapha munthu pofuna kuti nkhani ithe msanga. Ndinatulutsa theka langa kuti tisinthane. Alamu sanatambasule dzanja.

"Langa ndisunge kaye. Pali pena sindinamve bwino, ndikufuna kubwereza."

Zimenezi zinali zisanachitikepo. Ndinakwiya, koma kunabwera mayi wina kudzayesa diresi, ndiye tinayamba za mvula.

Lamulungu m'mawa alamu analawirira kutchalitchi, kunali msonkhano wa akulu a mpingo. Ine ndinkamanga katundu panjinga. Mlongo wanga, amene sankadziwa kuwerenga koma ankadziwa mwambo wathu wosinthana, anatuluka ndi theka lija.

"Achimwene, mwaiwala mapepala anu. Anali pansi pa mphasa."

Ndinaliika m'thumba.

Ndinaliwerenga ku Chileka mlungu umenewo, nthawi yopuma masana, pansi pa mtengo kuseri kwa malo osungira matsache. Ndinkadikira masitepe aja. Mkazi anabwereradi. Mwamuna anadwala chibayo, mkazi n'kumudwazika. Atachira anasiya nkhanza, anagwada, anapempha chikhululuko. Kunabadwa mwana. Tsamba lomaliza onse anali pagome limodzi, mlongo uja ali pomwepo, mabelu akulira. Munalibe masitepe, munalibe dokotala, munalibe bokosi.

Ndinabwereza masamba omalizawo poganiza kuti Chizungu chandisocheretsa. Sichinandisocheretse.

Poyamba ndinapsa mtima. Ine sindine munthu wonamizidwa ngati mwana. Ndege ina inatera, ndinakwera, ndinasesa, mtima ukuwira. Koma ndili mkati mosesa ndinayamba kuganiza bwino. Munthu amene sankatha kunamiza kasitomala za tsiku lotha malaya, wakhala pansi n'kupeka imfa yonse, dokotala, ulaliki, mpaka malo ogwira pabokosi. Munthu wotero sapeka zimenezo pofuna kusangalatsa mlamu wake. Anali ndi mawu amene mwambo sunkamulola kundiuza, ndiye anawaika m'kamwa mwa buku.

Loweruka ndinafika pakhonde, ndinaimika njinga, n'kuika theka lija pamwamba pa makina. Alamu analiyang'ana. Anavula magalasi.

"Mwaliwerenga."

"Ndaliwerenga. Mabelu akulira."

"Eya."

"Mkulu wa mpingo, bodza lotere?"

"Ndikalapa kwa Mwini wake," anatero. "Koma inu amene mumadziwa kuweruza mabuku, tandiuzani. Mathero awiriwa, enieni ndi ati? Munaonapo munthu wotere atasintha chifukwa cha chibayo?"

Anavalanso magalasi, n'kupitiriza.

"Wolemba uja amafuna buku ligulidwe. Ine ndilibe chogulitsa." Anayang'ana kumsewu, n'kutsitsa mawu. "Alamu, ine pamudzi paja ndine mlendo. Sindinanene kanthu ndipo sindinena. Koma mwana munamuona atafunda mpango. Mwezi uno kukuzizira kodi?"

Ndinakwera njinga n'kupita kumudzi. Ndinapeza mlongo wanga akupeta, mwana akutsuka mbale kuseri. Ndinaitana mwanayo. Sanatembenuke. Ndinaitananso mokweza, ndipo anatembenuka ndi thupi lonse, kufunafuna kumene kwachokera mawu.

"Chotsa mpango."

Mayi ake anaika lichero pansi. "Achimwene, n'zamanyazi zimenezo."

"Sindikulankhula ndi inu. Chotsa mpango."

Anachotsa. Khutu lamanja linali long'ambika kumtunda, litapola mokhota, ndipo mkati munkatuluka mafinya. Kumutu kunali malo opanda tsitsi, aakulu ngati chikhatho, pamene anamuotcha ndi chikuni. M'khosi munali mzere wakuda wozungulira, wa chingwe.

"Ichi n'chiyani?"

"Anandimangirira kumtanda wa denga, amalume. Chingwe chinaduka."

"Bwanji sunanene?"

"Amayi anati ndikanena mukana kundibweza, ndiye atipha tonse."

Mlongo wanga anayamba kulira. Anati iye anabereka mwanayo, ndipo zimamupweteka kuposa ine, koma munthu uja ali ndi anyamata, ali ndi galimoto za boma zomumvera. Anati mwina akadzudzulidwa pamaso pa anthu asintha. Anati ndiganize za ntchito yanga, za ana anga, za mudzi wonse. Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinamuuza kuti mawa aphike chakudya cha alendo, asawonjezere nkhuku.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anafika. Panali mwamunayo, nkhoswe yake, amene anali amalume ake okalamba, ndi anyamata awiri a malaya ofiira amene pa mlandu wa banja analibe nawo mbali. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Akazi anakhala pamphasa chapatali. Alamu anakhala kumbuyo kwenikweni, pa mtondo wogona, chipewa chili pabondo.

Nkhoswe inayamba bwino, mwaulemu, ndi mawu ambiri. Inati ana amalakwitsana, akulu amakonza. Mwamunayo anapepesa maso ali kumwamba. Anati ntchito ya chipani ndi yolemetsa, munthu amafika kunyumba atatopa, ndipo mkazi wamwano amaputa dzanja. Anati wakhululuka.

Itafika nthawi yanga ndinaitana mwana kuti abwere pakati, mutu uli pambalambanda. Nkhoswe yokalamba ija inamuyang'ana kamodzi, n'kuzolika.

"Mwaona," ndinatero. "Ndinakupatsani munthu wa makutu awiri. Ukwati watha. Mwanayu sapita."

Mwamunayo anaseka. "Amalume, mwadya chiyani lero? Mukudziwa amene mukulankhula naye?"

"Ndikulankhula ndi mkamwini wanga. Pano si pachipata cha msika."

"Osesa m'ndege nawonso ayamba kugamula milandu?"

"Ndimasesa m'ndege. Pamudzi panonso ndimasesa."

Mmodzi wa anyamata aja anadzuka. "Mdala, khadi muli nalo?"

Ndinalitulutsa m'thumba la malaya. "Ili. La mayi ake lilipo, la bambo ake lilipo, la mwiniwakeyu lilipo. Mukafuna ndigulenso la khutu linafali, ndigula. Koma mwanayu simupita naye."

Nkhoswe ija inadzuka, n'kutenga ndodo yake. Inati iyo yaona, ndipo ilibe mawu. Mwamunayo anadzuka pomaliza. Sanakalipe. Anasasa fumbi pathalauza, n'kuyang'ana kudutsa ine, mpaka kumbuyo kumene kunali alamu.

"Apongozi, mwakhala chete bwanji? Paja inu ndi aja mumawerenga kwambiri pakhonde."

Alendo anapita osadya.

Mlungu womwewo kapitawo wa kampani imene inatilemba anandiitana. Anali munthu amene ndinagwira naye ntchito zaka zambiri. Sanandiyang'ane kumaso. Anati mawa ndisabwere, ndipo ndisamufunse chifukwa. Ndinapereka ovolosi ndi chiphaso cha pageti. Sindinamufunse.

Kwa alamu kunapita apolisi tsiku la msika, masana, anthu ali pikitipikiti. Ine kunalibe, ndinamva kwa mwini sitolo. Anakhuthula bokosi la zidutswa za nsalu n'kupeza matheka a mabuku. Anawaonetsa kwa anthu mmodzimmodzi. Mabuku opanda chikuto, opanda dzina, odulidwa pakati, osokedwa pamanja: munthu wosalakwa angabise dzina la buku chifukwa chiyani? Theka linalo lili kwa yani? Anati ndi mmene zigawenga zimatumizirana mauthenga. Anawafunsa amene amawabweretsera. Alamu anati, "Ndi anga." Anawafunsanso, ndi mbama. Anati, "Ndi anga." Anawakweza m'galimoto tepi ikadali m'khosi.

Ndinapita kupolisi kukanena kuti mabukuwo ndinkabwera nawo ndine. Wa pakauntala anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, pitani kwanu. Sindinamve zimene mwanena. Tikakufunani tikupezani." Ndinabwereza. Anaitana mnzake n'kunditulutsa panja. Sanandifune. Munthu uja ankadziwa pomenya. Ine anandilanda ntchito, koma mwanayo anamulanda bambo ake.

Ndinasamuka ku Chileka n'kubwerera kumudzi kukalima. Matheka amene anali kwanga mkazi wanga anasonkhezera moto tisananyamuke. Sindinamuletse. Mlandu wa alamu sunazengedwe. Sitinauzidwe kumene anali. Mlongo wanga ankapita uku ndi uku ndi kamtolo ka ufa, n'kumabwera nako. Makina osokera anachita dzimbiri m'nyumba, chifukwa panalibe wolimba mtima kuwagula. Anthu a mumpingo ankatipatsa moni akuyenda. Mvula inagwa, inasiya, inagwanso.

Anawatulutsa popanda kunena chifukwa, monga mmene anawatengera. Anatsika lole pa Lirangwe, ndipo mwini sitolo sanawazindikire mpaka atalankhula. Mano akutsogolo kunalibe. Miyendo inali yotupa. Maso anali atachita chifunga, moti bowo la singano sakanaliona ngakhale pa dzuwa.

Ndinkapita kukakhala nawo pakhonde la nyumba yawo. Za kumeneko sankakamba, ndipo sindinkafunsa. Tsiku lina ndinawauza kuti mphunzitsi wina ali ndi mabuku ololedwa, a chikuto chake, ndikhoza kubwereka n'kumawawerengera.

"Ayi, alamu. Zakwana." Kenako anaseka pang'ono, dzanja lili pakamwa. "Kumene kuja ndinkawafotokozera anzanga mabuku athu aja. Onse, ngakhale la njuchi. Koma ndinkasintha mathero. Dokotala uja sanamunyonge, anathawa pa sitima. Asilikali anu aja onse anabwerera kwawo."

"Munawononga mabuku abwino."

"Kumeneko mathero oipa safunika. Aliyense ali nawo kale ake."

Mwana wawo anabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada. Alamu anafufuza mutu wake ndi dzanja, n'kuusisita pamene tsitsi linakana kumera.

Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Chifuwa chimene anabwera nacho sichinawasiye. Pamaliro panabwera anthu ochepa, ndipo olalikira anasankha mawu mosamala.

Titachoka kumanda, mlongo wanga anandiitanira kuseri kwa nyumba. Sanalire. Anati, "Achimwene, ndinakuuzani. Mwandiphera mwamuna ndi mapepala anu ndi kuuma mutu kwanu." Ndinamuyankha kuti mwana wake ali m'nyumbamo, akupuma. Anati, "Mukanamubweza, mwina onse awiri akanakhala moyo." Ndinati mwina. Zimenezo palibe angazidziwe, ndipo sindinafune kukangana ndi namfedwa.

Kuyambira tsiku limenelo mlongo wanga ankandipatsa moni ndi chakudya, monga mwambo ufunira, koma sanakhalenso nane pansi kucheza mpaka imfa yake. Ndinazilandira.

Munthu uja anakwatira mkazi wina wa kwawo komweko. Za mkazi ameneyo ndinamva, koma si mbumba yanga, ndipo sindizilemba pano.

Mwana wa mlongo wanga sanakwatiwenso. Anatsuka makina a bambo ake ndi mafuta, anadziphunzitsa kusoka, ndipo analera ana a abale ake ambiri. Lero ndi mayi wa imvi. Za tsiku lija pansi pa mango sitinakambiranepo. Sanandithokoze, ndipo sindinayembekezere kuti atero, chifukwa mtengo wake analipira ndi bambo ake, osati ine. Koma mawu aja a mlongo wanga ndakhala nawo zaka zonsezi, ndipo yankho langa silinasinthe. Ndinaona khosi lija ndi maso anga. Munthu uja akanabweranso Lamulungu lotsatira ndi anyamata khumi, ndikanawauza zomwezo.